Mabatire Ali Kutsidya

Pa Lizulu malire si mtsinje,
si phiri, si waya waminga.
Ndi phula lomweli, mapazi khumi ndi awiri,
limene ndalidutsa ndi mwana kumsana
kuposa mmene ndalowera m'tchalitchi.

Ndiye tsiku lina wayilesi inati dziko lili pa chiopsezo,
Mtsogoleri wasaina, malire atsekedwe.
Tinayang'ana kumwamba: nkhungu ya mwezi wozizira basi.
Tinayang'ana kutsidya: Jositino akutsegula okala yake,
akuyasamula.
Chiopsezocho sitinachione,
koma Lachitatu kunafika lole ya asilikali
ndi migolo, ndi chingwe chofiira.

Kuyambira apo kachewere wanga akumera maso m'thumba.
Kabichi wa Esinala wanunkha mpaka nkhumba zamukana.
Mng'ono wanga Dolofina anakwatiwa kutsidyako,
tsono timacheza mokuwa ngati anthu oyambana,
malole opita ku Blantyre akudula mawu pakati:
"Mayi adzuka bwa..."
"Mwendo uja watu..."
Maliro a mlamu wanga ndinawalira chiimire m'mbali mwa msewu,
bokosi likudutsa uko ngati la mlendo.

Lero akuti aphungu akumana ku Lilongwe
kuti avote: lamuloli lithe kapena lipitirire.
Phungu wathu, yemwe uja wa zitenje zosuluka pochapa kamodzi,
akuti waimirira.
Watchula kachewere. Mtolankhani wanena, ndamva ndekha.
Wina wamudula pakamwa, matebulo aombedwa,
Sipikala wapempha bata katatu.

Wayilesiyi ndi ya Fulakisoni wosoka nsapato.
Taizinga anthu khumi ndi anayi, manja m'khwapa.
Mabatire ake ndi aja otchipa a kwa Jositino
ndipo atha kalekale.
Tawaika padzuwa, dzuwa lake liti,
tawaluma, tawagogoda pamwala.
Mawu akutuluka ngati a munthu wa chifuwa chachikulu:
"Ofuna kuti lithe, makumi asanu ndi anayi kudza..."
kenaka phokoso ngati matalala pa malata,
kenaka zii.

Palibe wotukwana. Tangoyang'ana kutsidya
kumene mabatire ali ndandanda pashelefu,
ofiira, atsopano,
mapazi khumi ndi awiri.

Pali kamsilikali kena ka milomo yong'aluka,
kakwawo ndi kotentha, kuno kamangonjenjemera.
Sindikadziwa dzina. Tsiku lina ndinakapatsa tiyi wopanda mkaka.
Kayang'ana bwana wake, ali mtulo kutsogolo kwa lole,
kakweza chingwe, kadutsa,
kapisa m'thumba mwake momwe.
"Ikani msanga, bambo," kakutero pobwera,
"mwana wanga anabadwa ndili kuno, sindinamuone."

Fulakisoni zala zikunjenjemera, waika mozondotsa,
watulutsa, waikanso.
Wayilesi yadzuka ndi mphamvu zonse
ikutsatsa feteleza.
Tadikira feteleza athe, sopo athe,
uthenga wa maliro wa ku Mponela uthe.
Kenaka mtolankhani uja:
ofuna kuti lithe apambana ndi mavoti anayi,
koma ena akuti kawerengedwe kanalakwika,
pepala lipita kaye kwa odziwa malamulo,
nyumba ikumananso Lachiwiri.

Anayi. Ndawerenga pa zala, chala chimodzi chatsala.
Sindikudziwa ngati ndilulute
kapena ndikasankhe kachewere wowola.

"Akuti bwanjiii?" Dolofina uko, manja kukamwa.
"Akuti tapambana koma tidi..."
lole ya simenti yameza zotsalazo.
Ikamatha kudutsa ndikumuona akumanga chitenje,
wasenza kadengu ka mankhwala a mayi,
phazi limodzi lili kale pa phula.

Ndatsegula pakamwa kuti ndimubweze.

Kamsilikali kaja kawerama,
kayamba kumanga chingwe cha nsapato
chomwe chinali chomanga kale.